Makina a Hayala

Sewero la pawailesi

Ochita sewero:
A CHIMBALANGA, bambo wa zaka 68, kwawo ku Ntcheu, anapuma ntchito
NAPHIRI, mayi wa ku Dowa, amagwira ntchito mu ofesi yolemba mabilu pachipatala china
WOULUTSA

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: Sewero la lero likuchitikira kutali, mumzinda wa South Bend m'chigawo cha Indiana ku America, kumene kunakhazikika Amalawi ambiri ndithu. M'nyumba ina yosanja muli anthu awiri oyandikana zitseko koma osamwerana madzi. A Chimbalanga ali ndi matenda a shuga, ndipo chilonda cha paphazi chitakana kupola, achipatala anawamangirira makina oyamwa madzi a m'chilonda. Ndi mwezi wa Disembala, chaka cha 2025, kunja kukugwa chipale. Tiyeni timve.

GAWO LOYAMBA

(Kulira kwa makina: piii, piii, piii. Kugogoda kwamphamvu pachitseko.)

NAPHIRI: Odi! Odi kuno! A Chimbalanga!

CHIMBALANGA: (ali m'kati) Kulibe anthu!

NAPHIRI: Nanga akuyankhawo ndi mizimu? Tsegulani!

(Kugunda kwa ndodo pansi. Chitseko chitseguka.)

CHIMBALANGA: Mayi Naphiri, kwathu ku Ntcheu munthu akagogoda 2 koloko usiku amakhala wabwera ndi uthenga wa maliro. Watisiya ndani?

NAPHIRI: Tulo tanga, bambo. Tamwalira cha m'ma 1 koloko, ndipo wapha ndinu.

CHIMBALANGA: Pepani. Mwambo wonse uchitikire kwanu komweko. Mugone bwino.

NAPHIRI: Musatseke! Chikulira m'nyumba mwanumu n'chiyani? Piii, piii, pakhoma penipeni pamene pali mutu wa bedi langa!

CHIMBALANGA: Khoma ili ndi la anthu awiri. Mbali yanuyo chitani nayo zimene mukufuna, mbali ino ndi yanga. Ine ndinadandaulapo tsiku limene munakazinga usipa mpaka azungu a pamwambapa kutsegula mawindo m'chisanu muno?

NAPHIRI: Usipa womwewo munadya mbale ziwiri.

CHIMBALANGA: Ndinkathandiza kuti fungo lithe msanga.

NAPHIRI: Tapatukani ndione. Mayo ine! Makina a pachilonda mwawakulunga m'bulangete?

CHIMBALANGA: Amasokosa.

NAPHIRI: Akusokosa chifukwa mwawaimitsa! Taonani, sakukoka. Mwadina batani nthawi yanji?

CHIMBALANGA: Cha m'ma 12:30. Ndimati apumeko.

NAPHIRI: Ndiye kuti ola ndi theka latha. Yatsani pompano!

CHIMBALANGA: Mukulamula m'nyumba mwa yani?

NAPHIRI: M'nyumba mwa munthu amene akufuna kudulidwa phazi. Nesi sanakuuzeni? Siponji ili m'chilondamo siyenera kukhala maola opitirira awiri makina asakukoka. Maola awiri akadutsa, siponjiyo imachotsedwa, n'kumangapo bandeji wamba mpaka nesi abwere. Mukaisiya momwemo madzi aja amadikha, tizilombo n'kupeza poswanirana. Phazi la munthu wa shuga silichedwa kuonongeka.

CHIMBALANGA: Mtsikana uja ananena zambiri, koma Chingerezi chake n'cha m'mphuno.

NAPHIRI: Changa Chichewa n'cha pakamwa. Dinani!

(Batani lidinidwa. Kulira kusiya. Makina ayamba kung'ung'udza chapansipansi.)

CHIMBALANGA: Mwamva? Ayambanso kudya ndalama zanga. Druuu, dola. Druuu, dola ina.

NAPHIRI: Mukuyesa ndi mita ya magetsi ya kumudzi, yoti mukazimitsa mayunitsi amatsala?

CHIMBALANGA: Nanga amawerengera bwanji?

NAPHIRI: Makinawa ndi a hayala, ndipo hayala yake ndi ya pamwezi. Muwayatse, muwazimitse, muwafunditse bulangete, mtengo ndi womwewo. Chimene mwapulumutsa usiku uno palibe, mwangotsala pang'ono kuwoletsa phazi.

CHIMBALANGA: Inu mukulankhula chifukwa simunaone kalata. Kapenatu munaiona! Si inu munailowetsa pansi pa chitseko changa madzulo ano?

NAPHIRI: Wamakalata anaiponya m'bokosi langa molakwitsa. Ndikanaitaya?

CHIMBALANGA: Bola mukanataya. Munthu ndinali bwinobwino, nsima ili pamoto. Kungotsegula envulopu, njala yonse balala!

NAPHIRI: Bweretsani ndione.

CHIMBALANGA: Kuti mawa mpingo wonse udziwe ngongole zanga?

NAPHIRI: Mpingo ukudziwa kale kuti simunapereke ya chitukuko. Bweretsani.

(Phokoso la mapepala.)

CHIMBALANGA: Werengani apa. Mwezi umodzi wokha, madola 2,400! Ndatenga foni kuti ndisinthe m'makwacha, yandipatsa mamiliyoni anayi ndi kusefukira. Foni mpaka kutentha.

NAPHIRI: Magalasi anu ali kuti?

CHIMBALANGA: Manambala ndimaona popanda magalasi.

NAPHIRI: Ndiye vuto lake. Manambala mwaona, mawu simunawerenge. Pamwamba apa, zilembo zikuluzikulu, alemba kuti iyi si bilu.

CHIMBALANGA: Si bilu? Pepala lodzaza madola chonchi likhale kalata yachibwenzi?

NAPHIRI: Iyi ndi kalata ya Medicare, inshuwaransi ya boma ija, yokudziwitsani zimene zachitika m'dzina lanu. Tsatirani chala changa. Mzere uwu, 2,400, ndi mtengo umene kampani ya makina yatchula.

CHIMBALANGA: Akuba!

NAPHIRI: Dikirani. Mzere wachiwiri, 900, ndi umene Medicare yavomereza. Kampani yanuyi inasayina kuti izilandira mtengo wa Medicare, ndiye 1,500 yotsalayo yafera pomwepo. Sangakufunseni.

CHIMBALANGA: Nanga amatchuliranji 2,400 akudziwa kuti alandira 900?

NAPHIRI: Inu pogulitsa galimoto yanu yakufa ija munayambira pa zingati?

CHIMBALANGA: Imene ija inali galimoto yabwino. Pitirizani.

NAPHIRI: Pa 900 paja Medicare yalipira 720. Mzere womalizawu, 180, ndiye wanu. Pa zipangizo za kuchipatala zogwiritsa ntchito kunyumba, gawo la Medicare lotchedwa Part B limalipira 80 pa 100 iliyonse, inu 20.

CHIMBALANGA: Ndiye kuti si mamiliyoni anayi?

NAPHIRI: Ndi madola 180, ndipo musalipire lero. Dikirani bilu yeniyeni yochokera kukampani, muiyerekeze ndi kalata iyi. Zikafanana, lipirani.

CHIMBALANGA: Komabe 180 ndi ndalama! Ine ndagwira ntchito ku Elkhart, m'fakitale ya magalimoto okhala ndi zipinda zogona aja, mpaka msana kupindika. Malipiro alionse ankandidula ya Medicare. Lero ndadwala, akuti onjezera?

NAPHIRI: Imene ankakudulani ija kwenikweni ndi ya Part A, yogonekedwa m'chipatala. Makinawa ali ku Part B. Ndipo thokozani kuti ndalama yoyamba ija, imene munthu amalipira yekha chaka chikayamba Medicare isanaikepo dzanja, munamaliza kale. Chaka chino ndi madola 257. Januwale akafika iyambiranso.

CHIMBALANGA: Iyambiranso? Chilonda chake chomwechi?

NAPHIRI: Iwo amawerenga chaka, sawerenga chilonda.

CHIMBALANGA: Mukuyankhula mokoma chifukwa ndinu amodzi a iwo. Si inu mumakhala pakompyuta tsiku lonse kulemba manambala otikhaulitsawa? Taonani apa: E2402. Ine dzina langa ndi Chimbalanga, E2402 ndi ndani?

NAPHIRI: Ndi pampuyo. A6550 ndi paketi ya siponji ndi pulasitiki yomata ija. A7000 ndi kabotolo kolandira madzi. Chilichonse chili ndi nambala yake, ndipo nambala ikalakwika ndalama situluka.

CHIMBALANGA: Kapampu aka mpaka kukhala ndi nambala ya boma? Mutandipatsa pampu ya njinga ndi paipi ndikhoza kukupangirani mawa.

NAPHIRI: Mupange, muyambe kuyesa pa phazi lanu linalo. Anzanu amene anatulukira njira imeneyi, dokotala Louis Argenta ndi Michael Morykwas a ku Wake Forest ku North Carolina, anafufuza zaka, n'kudzasindikiza zotsatira mu 1997. Mukuona 125 ili pagalasipo? Ndi mphamvu ya kakokedwe, yoyezedwa bwino. Imachotsa madzi, kutupa kumachepa, mnofu watsopano n'kumamera. Anayamba kuyesa pa nkhumba.

CHIMBALANGA: Pa chiyani?

NAPHIRI: Nkhumba.

CHIMBALANGA: Ine mkulu wa mpingo, andimangirira makina a nkhumba, n'kundilipiritsanso?

NAPHIRI: Nkhumbazo zinapola, chifukwa sizinkadzuka usiku kukadina batani.

CHIMBALANGA: Mayi Naphiri, pakamwa panupa mudzafera pomwepo.

NAPHIRI: Ndikanamvera malangizo anu ndikanafa kale. Kodi paja nditakuuzani za Medigap, inshuwaransi yoonjezera imene imakwirira 20 yanuyo, munati chiyani?

CHIMBALANGA: Ndinati munthu wanzeru salipira inshuwaransi ziwiri thupi lili limodzi.

NAPHIRI: Nthawi yabwino yogula inali miyezi 6 yoyamba mutalowa Part B muli ndi zaka 65. Nthawi imeneyo sakanakukanani ngakhale muli ndi shuga. Pano akhoza kukukanani kapena kukweza mtengo.

CHIMBALANGA: Mwabwera kudzandithandiza kapena kudzafukula mitembo?

NAPHIRI: Zonse ziwiri. Tatembenuzani pepalalo. (kaye chete) Iii! A Chimbalanga, apa ndiye pali nkhani. Seputembala alipira, Okutobala alipira, koma Novembala akana.

CHIMBALANGA: Akana bwanji?

NAPHIRI: Akuti palibe umboni woti makinawa akufunikabe. Kodi mwezi wathawu chilondachi anachiyeza?

CHIMBALANGA: Kunja kukuzizira masiku ano, eti?

NAPHIRI: Ndafunsa za chilonda.

CHIMBALANGA: Nesi amabwera katatu pamlungu kudzasintha siponji. Zimenezo sindikana.

NAPHIRI: Nanga karula kapepala kaja, koyezera mulitali, mulifupi ndi kuya kwake?

CHIMBALANGA: Ndinamuuza kuti asavutike, ndinayeza kale ndi maso.

NAPHIRI: Nanga kwa dokotala wa zilonda munapita?

CHIMBALANGA: Tsiku limenelo galimoto inakana kulira.

NAPHIRI: Bodza! Tsiku limenelo ndinakuonani mukupita kukagula mbuzi kwa alimi.

CHIMBALANGA: Inalira masana.

NAPHIRI: Bambo inu, mukubisa chiyani? Chilondachi chikukula?

CHIMBALANGA: (motsitsa mawu) Chikuchepa.

NAPHIRI: Ndiye mukubisiranji nkhani yabwino?

CHIMBALANGA: Tsekani chitsekocho, azungu angamve.

NAPHIRI: Azungu amva Chichewa kuyambira liti?

(Chitseko chitsekedwa.)

CHIMBALANGA: Mkulu wina kumpingo anandiuza kuti bedi la kuchipatala limene Medicare inkamulipirira hayala, itakwana miyezi 13 linakhala lakelake. Ndiye ine ndinawerenga: Seputembala, Okutobala, mpaka chaka chamawa. Ndikangopirira miyezi 13, makinawa ndi anga.

NAPHIRI: Mukufuna kusunga chilonda miyezi 13?

CHIMBALANGA: Osati kuchisunga kwenikweni. Kungoti chisathamange.

NAPHIRI: Ambuye ndigwireni! Anthu akusala kudya kupempherera phazi lanu, inu muli kalikiliki kuchedwetsa yankho?

CHIMBALANGA: Ndiye madzulo ano nditaona 2,400, ndachulukitsa ndi 13, yandipatsa 31,200. M'pamene ndinadina batani.

NAPHIRI: Ndiye mumafuna makina akhale miyezi 13, komanso asamagwire ntchito, komanso chilonda chisapole, komanso phazi likhalepo?

CHIMBALANGA: Mukazinena motsatizana choncho zikumveka zopusa.

NAPHIRI: Ngakhale mutazinena chobwerera m'mbuyo. Tamverani. Za miyezi 13 n'zoona, mkuluyo sananame. Bedi, njinga ya olumala, zinthu zotere zikalipiridwa hayala miyezi 13 zimasanduka zanu. Koma makina a chilonda ali ndi lamulo lawo. Medicare imalipira miyezi 4, ndipo ngati munayamba nawo muli m'chipatala, masiku amenewonso amawerengedwa. Kupitirira apo, pokhapokha dokotala alembe zifukwa zomveka, iwo aziunike.

CHIMBALANGA: Miyezi 4 yokha?

NAPHIRI: Ndipo mwezi uliwonse amafuna manambala a muyezo. Chilonda chikamachepa, amalipira. Mwezi ukatha osaoneka kusintha, amati makinawa sakuthandiza, n'kusiya kulipira. Inu pobisa kuti chikupola mwadzitsekera nokha mpopi.

CHIMBALANGA: Ndiye kuti amalipira chikamapola?

NAPHIRI: Eya.

CHIMBALANGA: Chikapola amatenga makina?

NAPHIRI: Eya.

CHIMBALANGA: Chikapanda kupola amatenganso makina?

NAPHIRI: Mwayamba kumva.

CHIMBALANGA: Ndiye ine ndipindula chiyani pamenepa?

NAPHIRI: Phazi, bambo! Mupindula phazi! Kodi makinawa mumawafuniranji? Mukufuna kutsegula chipatala?

CHIMBALANGA: (apuma mozama) Mlongo wanga ku Ntcheu. Nayenso shuga yomweyi. Chala cha kuphazi chinayamba chilonda nthawi yokolola, mpaka lero. Amangomanga kansalu. Ndimati ndikapeza wopita kumudzi ndimupatsire.

NAPHIRI: (mofatsa) Pepani. Bwenzi mutanena kale. Koma ngakhale akanakhala anu, sakanamuthandiza. Pampu payokha ndi chitsulo chabe. Siponji imasinthidwa masiku awiri kapena atatu alionse, ndipo ndi yapadera, si ya pamsika yotsukira mbale. Kuno Medicare imalola mapaketi 15 pamwezi pa chilonda chimodzi, ndi timabotolo 10, pokhapokha madzi akamatuluka ambiri. Kumudziko azitenga kuti? Nanga batire azitchaja pati, magetsi ake omwe aja?

CHIMBALANGA: Kuli sola kwa a mfumu.

NAPHIRI: Nanga nesi wodziwa kumata pulasitiki kuti mpweya usalowe alinso kwa a mfumu? Ndipotu si chilonda chilichonse chimafuna makinawa. Mukawaika pa chilonda chokhala ndi mnofu wakufa wosachotsa, kapena pamene matenda alowa m'fupa osachizidwa, kapena pali khansa, mukuonjezera mavuto. Pena munthu amatha kutaya magazi ambiri.

CHIMBALANGA: Ndiye ndingokhala, mlongo wanga aziwola?

NAPHIRI: Ndani wanena zokhala? Ndalama imene mukanathera pa hayala ya miyezi 13 ija, tumizani ya thiransipoti apite kuchipatala cha boma pa Ntcheu. Kumeneko salipiritsa. Akaona kuti n'chachikulu amutumiza ku Queens ku Blantyre kapena ku Central ku Lilongwe. Mumugulire kamakina koyezera shuga ndi nsapato zofewa, asamayende chosavala. Zimenezo n'zimene zingapulumutse chala.

CHIMBALANGA: Nanga ndikangonena kuti makinawa anasowa?

NAPHIRI: Pamenepo ndiye mudzaiona bilu yeniyeni, yopanda mawu aja a pamwamba. Makinawa ndi a kampani. Tsiku lomaliza mudzawaika m'bokosi lawo n'kuwabweza, ndipo lisiti lake mudzasunge.

CHIMBALANGA: Chabwino. Nanga za Novembala amene akanazi, alipira ndani?

NAPHIRI: Funso lanzeru loyamba usiku uno. Kodi a kampani anakusayinitsani pepala lonena kuti Medicare mwina ikana, ndipo ikakana mudzalipira nokha? Amalitcha ABN.

CHIMBALANGA: Ndinasayina mapepala ambiri.

NAPHIRI: Munawerenga?

CHIMBALANGA: Mnyamatayo anali waulemu kwambiri. Amangoti apa, ine khwatcha. Apanso, ine khwatcha.

NAPHIRI: Safunsa anadya phula. Makope ake ali kuti?

CHIMBALANGA: Mu uvuni.

NAPHIRI: Mu uvuni?

CHIMBALANGA: Sindiphikamo. Ndi malo ouma bwino.

(Chitseko cha uvuni. Mapepala ambiri agwa pansi.)

NAPHIRI: Kalata ya msonkho, pulogalamu ya ukwati, satifiketi ya ubatizo... Nali thumba la kampani. (atembenuza mapepala) Mwapulumuka, ABN mulibe. Ngati simunasayine pepala limenelo, kawirikawiri kampani singakukakamizeni kulipira zimene Medicare yakana ponena kuti sizinali zofunika. Komabe musagone. Kampaniyo ikaona kuti silipidwa ibwera kudzatenga makina chilonda chisanatseke.

CHIMBALANGA: Ndiye nditani?

NAPHIRI: Kukacha muimbire dokotala, akachiyeze. Manambala a Okutobala alipo, akawayerekeza ndi a tsopano ziwoneka kuti chikuchepa. Dokotala alembe kalata, a kampani atumizenso. Inunso muli ndi ufulu wochita apilo. Tsamba lomalizali likufotokoza, ndipo muli ndi masiku 120 kuchokera tsiku limene mwalandira kalatayi.

CHIMBALANGA: Apilo imafuna loya. Loya amafuna ndalama.

NAPHIRI: Iyi safuna loya. Mumazunguliza mzere umene mukutsutsa, n'kulemba chifukwa, kusayina, kutumiza. Mukasowa poyambira kuli a SHIP, alangizi a za Medicare, chigawo chilichonse cha kuno chili nawo. Salipiritsa. Akhozanso kukuonerani ngati mukuyenera thandizo la anthu opeza zochepa.

CHIMBALANGA: Aulere? Kuno ku America? Alipo anthu otero?

NAPHIRI: Mmodzi waimirira m'nyumba mwanu 3 koloko ya usiku.

CHIMBALANGA: Inu si waulere. Mudzandikumbutsa mpaka kumanda.

NAPHIRI: Ndi kutsidya komwe. Galimoto ikakana kulira mawa, mugogode. Ndikakusiyani ndine.

CHIMBALANGA: M'galimoto mwanu muja mumaimba nyimbo zakwaya mokweza.

NAPHIRI: Ndiye muyende wapansi.

CHIMBALANGA: Ndidzakhala kumbuyo.

(Nyimbo yolekanitsa magawo.)

GAWO LACHIWIRI

WOULUTSA: Papita milungu itatu. Awiriwa akumana pansi, pa mabokosi a makalata.

(Makiyi, kabokosi kachitsulo katseguka. Makina akung'ung'udza chapansipansi.)

CHIMBALANGA: Mayi Naphiri! Imani pomwepo. Ndakhala ndikukudikirani.

NAPHIRI: Ngati ndi za malo oimika galimoto, ndinayamba kufika ndine.

CHIMBALANGA: Malo amene ndinakumba ndekha ndi fosholo m'chipale, phazi lili m'pulasitiki? Imeneyo tidzakamba pamaso pa abusa. Lero ndili ndi ina. Mwaona magalasi?

NAPHIRI: Mwagula atsopano? Mukuoneka ngati munthu wophunzira.

CHIMBALANGA: Ndine wophunzira. Choyamba, chilonda anayeza. Chinali masentimita 6 mulitali, pano chili 3. Dokotala akuti mwina Chaka Chatsopano chikangodutsa makinawa achoka, titsale ndi bandeji.

NAPHIRI: Mulungu ndi wabwino! Nanga za Novembala?

CHIMBALANGA: Kalata ya dokotala inapita, apilo ndinatumiza, kope lili mu uvuni. Tikudikira yankho. Koma nkhani yanga si imeneyo. Bilu yeniyeni yabwera.

NAPHIRI: Ndiye lipirani.

CHIMBALANGA: Osathamanga, mayi. Munthu wina wolongolola anandiuza kuti ndiziyerekeza bilu ndi kalata ya Medicare. Ndakhala pansi, magalasi pamphuno, tiyi wopanda shuga pambali. Tawerengani mzere uwu.

NAPHIRI: A7000, timabotolo 10, pa 3 Okutobala.

CHIMBALANGA: Nanga pansi pake?

NAPHIRI: A7000, timabotolo 10, pa... 3 Okutobala.

CHIMBALANGA: Tsiku limodzi, timabotolo 20! Ine ndine chitsime? Bokosi linabwera limodzi, kapepala kake ndili nako, ndipo pa kalata ya Medicare mzerewu ulipo umodzi.

NAPHIRI: Ayi, apa alembadi kawiri.

CHIMBALANGA: Bwerezani, khutu ili silimva bwino.

NAPHIRI: Ndati alemba kawiri! Zimachitika. Munthu amatha kudina kawiri pakompyuta.

CHIMBALANGA: Munthu wake ngati ndani? Ogwira ntchito mu ofesi ya mabilu ngati ndani?

NAPHIRI: Si ofesi yathu imeneyo.

CHIMBALANGA: Nonse ndinu amodzi. Ndiye ndawaimbira. Anandiika pa nyimbo mpaka ndinaphika nsima, kudya, kutsuka mbale. Atayankha ndinati, mwana wanga, tsegula kompyuta yako, pita pa A7000.

NAPHIRI: Munatchula nambala?

CHIMBALANGA: Mwa mutu! Mtsikanayo mpaka anandifunsa ngati ndimagwira ntchito kuchipatala. Wapepesa, akuti atumiza bilu ina yokonza. Ndinalemba dzina lake, tsiku ndi nthawi, kuopa mawa angakane.

NAPHIRI: Koma ndiye mwakula, a Chimbalanga. Ndani anakuphunzitsani kulemba dzina la woyankha foni?

CHIMBALANGA: Nzeru zobadwa nazo.

NAPHIRI: Nzeru zomwe zija zofunditsa makina bulangete?

CHIMBALANGA: Zakale sitikumba. Ndipo Loweruka likubwerali ndauza anthu a kumpingo kuti aliyense amene ali ndi kalata ya inshuwaransi yomusowetsa tulo abwere nayo. Tidzaziona pamodzi.

NAPHIRI: Mwayamba kulangiza anthu inu?

CHIMBALANGA: Ine ndizilandira alendo ndi kusunga mwambo. Owerenga ndinu.

NAPHIRI: Ine? Mwandifunsa liti?

CHIMBALANGA: Ndikukufunsani pano. Ndawauza 2 koloko masana, kunyumba kwanu.

NAPHIRI: Kwanga?

CHIMBALANGA: Kwanga kuli wodwala, safuna phokoso. Anthu ake ndi ochepa, mabanja asanu ndi awiri basi. Muphikeko tiyi.

NAPHIRI: A Chimbalanga, phazi limenelo lipole msanga, chifukwa ndikufuna ndidzaliponde lili bwino!

CHIMBALANGA: Mulembetse kaye kwa dokotala. (akuchoka, ndodo ikugunda) Ndipo mlongo wanga wafika kuchipatala dzulo, amuchotsa mnofu wakufa, chala achisiya. Akuti ndikuthokozeni.

NAPHIRI: Ndiye thokozanitu!

CHIMBALANGA: (ali patali) Ndanena kuti akuti! Wathokoza ndi iyeyo!

(Nyimbo yotsekera ikwere, kenako itsike.)

WOULUTSA: Omvera athu, sewero lathu lathera pamenepa. Mayina ndi ndalama za pa kalata ya a Chimbalanga n'zongopeka, koma malamulo a Medicare amene mwamvawa ndi enieni monga analili mu 2025, ndipo inshuwaransi zina zili ndi malamulo awoawo, choncho funsani yanu musanalandire makina. Kalata ikabwera, werengani mawu musanathamangire manambala. Musasayine pepala limene simunalimve. Akakukanani, funsani chifukwa chake ndipo chitani apilo nthawi isanathe. Koposa zonse, musazimitse makina a pachilonda kapena kuthawa muyezo chifukwa choopa bilu. Imbirani nesi kapena dokotala wanu. Ndipo inu a shuga, kaya muli ku Indiana kaya ku Ntcheu, yang'anani mapazi anu tsiku lililonse, mukaona kabala pitani kuchipatala tsiku lomwelo.